Khosi la Kamsomali

"Ndati sapita! Kalatayo kayatsireni moto ngati mukufuna, koma mwana wanga sapita."

Kalipentala anaika randa pa thabwa n'kupukuta manja pa buluku. Mkazi wake anali ataima pakhomo la shedi yomwe iye ankagwiriramo ntchito, manja ali m'chiuno, maso ali psuu.

"Mayi a Kamsomali, tatsitsani mawu. Anthu akudutsa pamsewupo."

"Adutse. Amve kuti pano pali bambo wofuna kukapereka mwana wake ku mpeni."

"Mpeni wanji? Si munali pomwepo dokotala akufotokoza? Timinofu tiwiri ta kukhosi tija tatupa, tatsala pang'ono kupsompsonana. Kuseri kwa mphuno kulinso kanyama kena komwe katseka njira ya mpweya. Akuti amugoneka tulo, achotsa zonsezo, mawa lake tibwerera kunyumba. Atipatsa ndi tsiku lomwe, Lachinayi la sabata yachitatu. Chovuta n'chiyani?"

"Chovuta n'chakuti khosi si thabwa. Mukalakwitsa podula simungamate ndi guluu."

Kalipentala analoza pakona. Pa mulu wa matabwa panali patagona mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene iye anamutcha Kamsomali chifukwa cha kuonda kwake. Dzuwa linali lisanafike ndi pamutu pomwe, koma mwanayo anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, mkonono ukumveka ngati sowo yodula mtengo wauwisi. Kenaka mkonono uja unaduka. Chifuwa chinkakoka koma mpweya sunkalowa. Makolo onse awiri anadikira. Mwanayo anadzidzimuka, n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kuyambiranso mkonono.

"Mwaona?" anatero bamboyo. "Chaka chino chokha khosi lamugwira kasanu ndi kawiri. Kusukulu anzake akumutcha Kukamwa Yasa. Aphunzitsi akuti ndi waulesi, pomwe mwana sakumva bwino ndipo sagona tulo teniteni. Tinataya kale Kanyundo ndi malungo. Mukufuna ndikhomenso bokosi lina ndi manja anga omwewa?"

Mkaziyo atamva dzina la mwana wawo wachisamba anatembenukira kukhoma.

Nthawi yomweyo panatulukira mchemwali wake wa Kalipentala, amene nyumba yake inali kuseri kwa mpanda. Aliyense pakhomopo ankangowatchula kuti Azakhali. Anali mayi wa thupi, woyenda mogwedeza nthaka, ndipo nkhani ankaiyamba asanakhale pansi.

"Phokosoli ndalimvera kwathu. Achimwene, mutu umodzi susenza denga, bwanji osandiitana? Alamu akunena zoona, kuchipatala chachikulu amagoneka mwana ndi mankhwala, ena sadzukanso. Koma mwanayunso sangakhale chonchi. Si Lachiwiri lililonse Adokotala a Njinga amabwera pamsikapa? Kanthu ka mphindi ziwiri. Amangoti tsegula pakamwa, kape! Basi. Ana anga anayi onse anawadula ndi iwowo, lero ndi zimphona."

"Munthu uja si dokotala, achemwali. Ankakankha machira kuchipatala mpaka anamuchotsa ntchito."

"Nanga wokankha machira alibe maso? Zaka khumi akuonerera madokotala. Mawu a akulu amakoma akagonera, mudzandikumbuka."

"Kumenekonso sapita," anatero mkazi wa Kalipentala, mawu ake ali pansipansi. Anayang'ana mlamu wake m'maso mpaka Azakhali anayamba kukonzakonza mpango womwe unali bwinobwino pamutu.

"Kuchipatala ayi, kwa a Njinga ayi," anatero Kalipentala akutola randa. "Ndiye tizingomuyang'ana?"

Panapita masiku asanu nkhaniyo ikungofuka ngati chitsa chonyowa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Azakhali anamupeza mlamu wawo akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Sowo inkamveka kushedi, choncho anadziwa kuti mwini nyumba sangamve.

"Alamu, maso aja munandiyang'ana nawo tsiku lija, ndi otani?"

"Mukuwadziwa."

"Madzi akatayika saoleka. Zaka zitatu zapita. Linali tsiku lake mwana uja."

Mkazi wa Kalipentala anafinya malaya mpaka zala zinayera. "Tsiku lake? Ine ndinagwira miyendo, inu munagwira mutu. Mwana anapita yekha ndi miyendo yake kwa a Njinga anuwo, akudumpha ngalande m'njira. Pobwera tinachita kumubereka. Madzulo onse ankangomeza, kumeza, kumeza. Ine n'kumati akumeza malovu, osadziwa kuti akumeza magazi ake omwe. Pamene anasanza beseni lonse lija, munati chiyani? Munati magazi oipa akutuluka, tisamupititse kuchipatala angatimange."

"Tatsitsani mawu!"

"Bambo ake anali kutauni, akukhoma denga la eni ake. Atafika munawachingamira pamsewu ndi nkhani ya malungo. Ine ndinangogwedeza mutu. Mpaka lero ndikungogwedezabe mutu."

"Ndiye mukufuna chiyani? Muwauze? Mukuganiza kuti achimwene adzakusungani m'nyumba muno akamva? Ine ndine mlongo wawo, magazi sasudzulana. Wopita ndi inu."

"Ndikudziwa."

"Mwa ana zana amene a Njinga anadula, wafa mmodzi yekha. Mulungu ndiye anatenga. Mukanena kuti ndi sizasi inapha, ndiye kuti ine ndine mfiti, ndinapha mwana wa mchimwene wanga. Zimenezo sindingazivomere, alamu. Sindingathe." Azakhali anakonza mpango pamutu. "Chikakuluma chakuda umaopa ndi khala lomwe, n'chifukwa chake mukukana zonse. Koma mwana uyu akuzima tikuona."

Mkazi wa Kalipentala anayang'ana pa chingwe. Pakati pa zovala zonyowa panali kabudula wabuluu wa Kanyundo. Ankamuchapa mwezi ndi mwezi ngakhale panalibe womuvala, ndipo mwamuna wake anali atasiya kufunsa chifukwa chake.

"Masana akamagona Kamsomali," iye anatero, "ndimamva anthu awiri akupuma m'chipinda muja. Wina mkonono, wina kumeza. Ndikalowa ndimapeza mmodzi."

Azakhali anachoka osatsanzika.

Sabata yotsatira khosi linamugwiranso mwanayo. Thupi linatentha, chakudya chinkakana kutsika, ndipo ankalira akamameza ngakhale madzi. Lolemba kutentha kunatsika, koma anali wofooka, mawu akutuluka ngati wavumata mbatata yamoto. Lachiwiri m'mawa mayi ake anamusiya ali gone pa mkeka pakhonde, n'kupita kukatunga madzi. Kumjigo kunali mzere wautali.

Pobwera anapeza mkeka uli wokha.

"Bambo a Kamsomali, mwana ali kuti?"

Kalipentala anatulutsa msomali womwe anaulumira pakamwa. "Achemwali amutenga. Akuti akamugulire nsapato kumsika, mwina angasangalaleko. Amubereka kumbuyo."

"Lero ndi lachingati?"

"Lachiwiri. Bwanji?"

Ndowa inagwa kuchoka pamutu, madzi n'kumwazika mpaka mu utuchi. Mkaziyo sanaitole. Anathamanga opanda nsapato, nsalu ikukwekwereka. Kalipentala anali asanaonepo nkhope ya mkazi wake ili choncho. Anaponya hamala pansi n'kumutsatira.

Adokotala a Njinga ankagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina, kumapeto kwa msika. Njinga yawo yakuda inali itatsamira khoma, kachikwama kachikopa kali pa keliyala. Panja, pa benchi, panali amayi asanu ndi ana awo pamiyendo. Mwana wina anali atatuluka kale, akulira mopanda mawu, kansalu kofiira kali pakamwa.

Mkazi wa Kalipentala anakankha chitseko ndi phewa.

M'katimo munkanunkha mankhwala ochapira zilonda osakanikirana ndi thukuta. Pa tebulo panali beseni la madzi ofiirira, thonje, tochi, ndi supuni yopindika yopanira lilime. Kamsomali anali pamiyendo pa Azakhali, manja atamangidwa m'nsalu, mutu ataugwira ndi dzanja pachipumi. Maso a mwanayo anali tong'o. Bambo wa jasi loyera lothimbirira m'khosi anali atawerama, sizasi yaitali ili m'manja. Anali asanaitsuke chidulireni mwana wolira panja uja.

"Musiyeni!"

Bamboyo anaweramuka. "Mayi, dikirani panja. Pano timayendera mzere."

"Simukundikumbuka?"

"Ndimaona anthu ambiri."

"Ndinabwera zaka zitatu zapitazo ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri. Wamutu waukulu, wa mpata kumano. Anakufunsani ngati njinga yanu ili ndi belu. Munati mudzamukweza akachira."

Anamukwatula Kamsomali m'manja mwa Azakhali n'kumasula nsalu ija. Mwanayo anamukakamira m'khosi.

"Alamu, musachite manyazi pagulu," ananong'ona Azakhali. "Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Tikakambirane kunyumba."

Koma mkaziyo anali atatuluka kale pakhomo, kuyang'anizana ndi amayi a pa benchi aja. Anthu ena a mumsika anali atayamba kusonkhana. Pakati pawo anaona mwamuna wake akufika, akupuma mwawefuwefu, pensulo ikadali kukhutu. Anamuona bwinobwino. Anadziwa kuti akatsegula pakamwa, banja lake likhoza kuthera pomwepo.

"Amayi anzanga," anatero, "mwana wanga woyamba sanafe ndi malungo. Ndinanama. Anafera sizasi iyo. Anamudula m'chipinda muno cha m'ma teni koloko, pofika mawa lake anali atazizira. Magazi sanasiye. Ankatsikira m'mimba ife osaona. Ine mayi wake ndi amene ndinamugwira miyendo kuti asaphiriphithe. Ankandiyang'ana. Tengani ana anu muzipita."

Mayi wina anaimirira, n'kuponya mwana kumbuyo, n'kuchoka osacheuka. Wina anamutsatira. Koma wachitatu anakhalabe.

"Inu zanu zinavuta, ife mutilekere," anatero mayiyo. "Chipatala chili kutali, ndipo ukapita amakuuza kuti ubwere mwezi wamawa. Wanga wamkulu anadulidwa pompano, ali moyo."

"Anali ndi mwayi. Mwayi sudziwika, mayi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Kalipentala anadutsa pakati pa anthuwo osayang'ana mkazi wake. Analowa m'kachipinda muja. Azakhali anali atakhala pansi, mpango uli m'manja. Bambo wa jasi uja ankalongedza zitsulo zake mofulumira.

"Achemwali, n'zoona?"

"Achimwene, ine ndinkafuna kuthandiza. Mwana ankadwaladwala..."

"Ndafunsa kuti n'zoona?"

Azakhali anabisa nkhope mu mpango.

Kalipentala anagwira bambo uja pa jasi n'kumukweza mpaka zidendene zinasiya pansi. Anali ndi manja ozolowera kunyamula mitanda, ndipo anthu a pakhomo anaganiza kuti lero kuchitika maliro. Anamugwira choncho kwa kanthawi, akumuyang'ana. Kenaka anamutsitsa.

"Bokosi lake ndinapanga ndekha," anatero. "Ndinkadabwa kuti malungo anji oyeretsa mwana ngati pepala. Tiye kupolisi."

Koma pamene anatembenuka kuti atole sizasi ija ngati umboni, bamboyo anapulumukira pa chitseko chakumbuyo, n'kulowa m'chipiringu cha msika. Njinga anaisiya pomwepo. Kupolisi analemba zonse, sizasi anaisunga m'pepala, ndipo anati amufunafuna.

Masiku otsatira pakhomo pa Kalipentala panali ngati pachitika zovuta. Iye ankadzuka, kulowa m'shedi, kupala matabwa mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya ankadya, koma mbale ankaibweza osanena kanthu. Mpata wa pampanda wopita kwa Azakhali anautseka ndi matabwa atatu. Mkazi wake anapinda zovala zake n'kuziika m'chikwama, kudikira mawu oti azipita. Mawuwo sanabwere, ndipo kusabwera kwakeko kunkapweteka kuposa kukalipiridwa.

Lachitatu masana, tsiku la opaleshoni litatsala limodzi, mkaziyo anapita yekha kushedi ndi kalata ija m'manja.

"Basi ya m'mawa imanyamuka sikisi koloko," anatero. "Ndamuchapira diresi."

Randa inaima. "Mwasintha maganizo?"

"Mantha ndikadali nawo. Koma ndaona kuti mantha angawa atsala pang'ono kundiphera mwana wachiwiri. Ndikanavomera tsiku loyamba lija, alamu sakanapeza mpata."

"Sikisi koloko," anatero Kalipentala, n'kupitiriza kupala.

Kuchipatala anawalandira namwino wachikulire, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anamuyeza mwanayo thupi, anamutenga magazi pachala, n'kufunsa ngati wadya kanthu chidzukireni. Atamva kuti sanadye anagwedeza mutu mokhutira. Mkazi wa Kalipentala anamugwira mkono.

"Anesi, ndiuzeni zoona. Akatuluka magazi?"

"Zoona zake n'zakuti nthawi zina amatuluka, sindikunamizani. Koma kuno dokotala amaona pomwe akudula, mwana ali m'tulo, sakuphiriphitha. Mtsempha uliwonse amautseka asanamudzutse. Akatuluka magazi pambuyo pake, tilipo, zida zilipo, magazi oonjezera alipo. N'chifukwa chake timamugoneka kuno mpaka mawa. Mwaonapo zotani, mayi, kuti manja azizire chonchi?"

Mkaziyo anafotokoza mwachidule. Namwinoyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Chaka chilichonse amabwera ana otere," anatero. "Ena timawapulumutsa. Ambiri amabwera mochedwa, chifukwa makolo amaopa kunena. Inu mwanena. Khalani apa."

Anamuveka Kamsomali kamkanjo kobiriwira kofika m'mapazi. Pomukankha pa machira, mwanayo anakweza mutu.

"Amama, mundigwiranso ngati azakhali?"

"Ayi, mwanangu. Palibe akugwire. Ungogona, ukadzuka undipeza pompano."

Chitseko chinatsekeka. Anakhala pa benchi ya m'khonde, mwamuna uku, mkazi uku, pakati pawo pali malo okwana munthu. Wotchi ya pakhoma inkayenda ngati yatopa. Mkaziyo ankawerenga matailosi a pansi, akafika kukhoma n'kuyambiranso. Patapita pafupifupi ola, namwino uja anasuzumira.

"Makolo a kamtsikana kowonda kaja? Zatheka. Timinofu take tinali ngati mazira a nkhunda, sindikudziwa kuti kankapuma bwanji."

Anamupeza atagona chammbali, milomo itauma, kukamwa kuli kotseka. Panalibe mkonono. Panalibe phokoso lililonse. Mayiyo anakuwa.

"Sakupuma! Anesi, sakupuma!"

Namwinoyo anatenga dzanja la mayiyo n'kuliika pa chifuwa cha mwana. Chinkakwera, n'kutsika, mwakachetechete.

"Ndi mmene ana amagonera, mayi. Munangoiwala."

Masana onsewo mayiyo sanachotse maso pakhosi pa mwana wake. Kamsomali atadzuka analira kuti kukhosi kukuwawa, anamwa madzi ozizira pang'onopang'ono, n'kugonanso. Mawa lake dokotala anaunika ndi tochi, n'kuwauza kuti ululu ukhalapo sabata imodzi kapena ziwiri, mwana azidya ndi kumwa ngakhale zikuwawa, ndipo akaona magazi ngakhale ochepa abwerere msanga osadikira.

Magazi sanaoneke. Patatha masabata awiri Kamsomali ankamaliza mbale yake n'kusuzumira ya bambo ake. Anayamba kudandaula kuti anthu pakhomopo amalankhula mokuwa, ndiponso kuti sowo ya ababa imasokosa. Za Adokotala a Njinga kunamveka kuti agula njinga ina, ndipo akuoneka Lachisanu pa msika wina kutsidya kwa mtsinje. Amayi ena a m'mudzimo ankapita komweko. Ena ankati akakumana ndi mkazi wa Kalipentala kumjigo, ankayang'ana kumbali, amvekere ndi uja anatithamangitsira dokotala. Koma awiri anabwera mwakachetechete kudzafunsa kuti basi ya kuchipatala imanyamuka nthawi yanji.

Tsiku lina masana, mwana ali kusukulu, mkaziyo anapititsa madzi akumwa kushedi. Anaika kapu pa thabwa n'kutembenuka kuti azipita.

"Takhalani pansi," anatero Kalipentala.

Anakhala pa mulu wa matabwa. Mwamunayo anazunguza kapu ija m'manja, osamwa.

"Chikwama chija mumasule. Sindikuthamangitsani. Kukhululuka sindinafikepo, sindikunamizani, mwina zidzatenga nthawi. Koma pamsika paja munandiona ndisanafike, ndipo munalankhulabe. Chimenecho ndinachiona."

Mkaziyo anangoyang'ana utuchi womwe unali pamapazi pake.

"Pali chimodzi chomwe ndikufuna kudziwa. Musandinamize ngakhale pang'ono." Anamuyang'ana m'maso. "Tsiku limene lija, mwana wanga anandiitana?"

Mkaziyo akanatha kunena kuti ayi, anapita ali m'tulo, sanamve kanthu. Bodzalo linali pafupi, lofewa, lokonzeka kale pa lilime.

"Anakuitanani," anatero. "Kawiri. Kachiwiriko anati ndikuuzeni kuti sanalire pomudula."

Kalipentala anaika kapu pansi mosamala. Anakhala pa thabwa lomwe ankapala lija, n'kuphimba nkhope ndi manja ake okakala. Pa maliro a mwana wake sanagwetse msozi, poti ndiye ankakhoma misomali. Tsopano analira mokweza, ngati mwana, mpaka anthu odutsa pamsewu anaima. Mkazi wake sanamuuze kuti atsitse mawu. Anasendera pafupi, n'kukhala naye pa thabwa lomwelo.